Gwira khutu: mbiri ya khomo la Sitandade 1

Mwezi wa Seputembala chaka chatha achemwali anga anandituma kukalembetsa mwana wawo kusukulu. Iwo anali atalawirira ku Lunzu ndi dengu la tomato, ndiye ntchito inagwera ine. Kwathu kuno malume sakana zotere. Ukakana, pofika madzulo mudzi wonse wamva kuti digiri yakuiwalitsa mbumba.

Sukulu yake ndi yomwe ndinaphunzirapo ine, cha kumadzulo kwa bwalo la ndege la Chileka. Tinafika 7 koloko isanakwane koma tinapeza mzere utazungulira kale ofesi ya ahedi: amayi ambirimbiri, agogo angapo, abambo awiri atatu, ndi tiana tina tobwera ndi akulu awo a Sitandade 4 popanda kholo lililonse. Pakhonde anaika tebulo, ndipo mphunzitsi wamkazi anakhala pamenepo ndi kaundula, buku lalikulu lija la chikuto cholimba. Aliyense ankamufunsa zofanana: dzina la mwana, mudzi, mfumu, ndi kabuku ka kusikelo koonetsa tsiku lobadwa.

Patsogolo pathu panali agogo ena ndi kamnyamata kowonda. Kabuku analibe. "Kanapita ndi madzi a Freddy, aphunzitsi," anatero. Mphunzitsi anakayang'ana kamwanako kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kunena mawu omwe ndinali nditawaiwala kalekale: "Tiye mwanawe, gwira khutu." Kamnyamata kanaponya dzanja lamanja pamwamba pa mutu, zala n'kufika pa khutu lamanzere. Mzere wonse unaseka. Dzina linalowa m'buku.

Ndinaseka nawo, komatu ndi momwe ndinalowera inenso mu Januwale 2003, nthawi imene chaka cha sukulu chinkayamba ndi chaka chatsopano, kalendala isanasinthe mu 2010. Mayi anga analowa choncho. Khutu linali chikalata chathu chobadwira. Nzeru yake ndi yoti mwana akakhala wamng'ono mutu umakula kuposa mikono, ndiye dzanja silifika mpaka atayandikira msinkhu wa sukulu. Vuto ndi lakuti mwana wopinimbira chifukwa cha njala amatha kubwezedwa kuti akakule kaye, pomwe zaka zinakwana kale. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa layamba kugwira ntchito mu 2015 momuno, ziphaso za unzika n'kubwera mu 2017. Zisanafike zimenezo, zaka za mwana wakumudzi zinkawerengedwa ndi njala, chigumula kapena chisankho chimene anabadwira.

Chichokereni pamzere uja ndakhala ndikuganizira za kaundulayo. Mabuku a mbiri amakonda kutiuza za anthu amene anamaliza sukulu n'kukhala aphungu ndi abusa. Ine chidwi changa chili pakhomo: ndani ankaloledwa kulowa kalasi yoyamba, ankalowa ali ndi zaka zingati, ndipo ankatsala panja ndani.

M'boma lino la Blantyre sukulu inabwera ndi mishoni. A Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876 m'dera la mfumu Kapeni, ndipo mu 1892 Joseph Booth anatsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, komwe si kutali ndi kwathu kuno. Kuchokera m'malikulu oterewa timasukulu tinafalikira m'midzi: kanyumba kofolera ndi udzu, Lamulungu n'kukhala tchalitchi, Lolemba n'kukhala kalasi, mlaliki ndi mphunzitsi munthu mmodzi yemweyo. Boma la atsamunda linayamba kulamulira mu 1891, koma linatenga zaka 35 lisanatsegule dipatimenti ya maphunziro. Inabwera mu 1926, patapita zaka ziwiri komiti ya Phelps-Stokes itayendera dziko lino. Msonkho wa nyumba ankatolera mosaphonya, koma kusukulu ankangoponyako kangachepe.

Choncho amene ankasankha ana olowa anali mpingo, ndipo banja lililonse linkadziwa. Mabanja ambiri a Chisilamu, makamaka pakati pa Ayao, ankaopa kutumiza ana poganiza kuti akabwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china, ndipo mantha awowo sanali opanda maziko. Atsikana ankalowa ochepa, ambiri osapitirira makalasi awiri oyambirira, omwe masiku amenewo ankatchedwa Sub A ndi Sub B. Msinkhu sunali nkhani. Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, ankatiuza kuti analowa Sub A atavinidwa kale, chifukwa mpaka nthawi imeneyo mng'ono wawo anali asanakule kuti alandire mbuzi. Ankati m'kalasi mwawo munali anyamata amene mawu anali atayamba kale kunzuna, ena mpaka kumadzisiyira sukulu pakati pa chaka n'kulowera ku Salisbury kukafuna ntchito. (Ndikamawafunsa ngati munali atsikana, ankawerenga ndi zala za dzanja limodzi, zina n'kutsala.)

Pa 6 Julayi 1958 Kamuzu Banda anatera pabwalo la ndege lomweli limene timaliona tikamapita kusukulu. Chisankho cha 1961 chitachitika, Kanyama Chiume anakhala nduna ya maphunziro, ndipo lamulo la maphunziro la 1962 linapatsa boma mphamvu zambiri pa sukulu, ngakhale kuti mipingo inapitiriza kukhala eni ake a masukulu ochuluka. Sub A ndi Sub B zinatha, m'malo mwake kunabwera Sitandade 1 mpaka 8 zomwe tikuzidziwazi. Mu 1968 chipani cha MCP chinagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko, n'kukhala chophunzitsira m'makalasi oyambirira m'dziko lonse. Kwa mwana wa ku Chileka zimenezo sizinali zolemetsa, poti ndi chomwe ankayankhula kale pamasewero. Kwa mnzake wa ku Rumphi kapena ku Namwera inali nkhani ina.

Khomo la mpingo linacheperako mphamvu, koma panali lina: fizi ndi yunifolomu. Ndalama yake ukaimva lero ungaseke, makwacha owerengeka pachaka. Koma banja la ana 7 lodalira munda wa chimanga ndi nandolo kuno kouma silinkaseka. Linkasankha, ndipo kawirikawiri wosankhidwa anali wamwamuna. Mayi anga analekezera Sitandade 3. Amati tsiku limenelo anaitanidwa maina onse a osalipira pa asembule, n'kuuzidwa kuti akabwere ndi ndalama kapena ndi kholo. Iwo anapita kunyumba, agogo n'kunena kuti dikira tigulitse nandolo. Nandolo anagulitsidwa, ndalama inapita kwa achimwene awo omwe anali Sitandade 7. Mpaka lero mayi amawerenga Baibulo mochita kulondola ndi chala, koma akamanena nkhaniyi sakwiya, amangoti zinali choncho.

Ndikamva akuluakulu akudandaula kuti nthawi ya Kamuzu sukulu inali sukulu, mwana wa Sitandade 5 ankalemba kalata ya Chingerezi yomveka, sindiwatsutsa. N'zoona ndithu, ambiri ankalemba. Koma ankalemba ndi amene analimo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pafupifupi theka la ana a msinkhu wa sukulu sanali pasukulu n'komwe. Amenewo palibe amene ankawayesa mayeso, ndiye sanatsitse mbiri ya sukulu iliyonse. Ndipo kaundula wa nthawi imeneyo naye anali ndi zinsinsi zake: malo a kusekondale anali ochepetsetsa, moti anthu ankabwereza Sitandade 8 kawiri, katatu, ena n'kusintha dzina kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Alipo madoda kwathu kuno amene ali ndi dzina la kunyumba ndi dzina la pasatifiketi, ndipo ukafunsa chiyambi chake amangoseka.

Anthu ambiri amaganiza kuti fizi inagwa tsiku limodzi mu 1994, koma inayamba kusweka Kamuzu akadali pampando. Mu 1990 maiko anakumana ku Jomtien m'dziko la Thailand n'kugwirizana zoti maphunziro oyambirira afikire aliyense. Mu 1991 boma linayamba kuchotsa fizi ku Sitandade 1, n'cholinga chomakwera kalasi imodzi chaka chilichonse. Nthawi yomweyo kunabwera pulogalamu ya GABLE, ya ndalama za USAID, yomwe inkalipirira atsikana amene sanabwereze kalasi. Mu 1993 kunatuluka ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Kale akangotenga mimba, zake zinkathera pomwepo. Ndinafunsa mayi chifukwa chake achemwali anga, omwe anabadwa mu 1984, sanalowe mu 1991 fizi itachotsedwa. Yankho linali lalifupi: nanga yunifolomu? Ndipo chaka chotsatira kunagwa chilala cha 1992, nkhani ya sukulu n'kuiwalika. Anthu ankathamangira chimanga chachikasu.

Kenako chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Bakili Muluzi ndi UDF anali atalonjeza pamisonkhano kuti pulayimale idzakhala yaulere, ndipo sukulu zitatsegulidwa kumapeto kwa chaka chomwecho lonjezolo linachitikadi: fizi palibe, yunifolomu si yokakamizanso. Chaka cha 1993/94 m'sukulu za pulayimale m'dziko lonse munali ana pafupifupi 1.9 miliyoni. Chaka chotsatira ziwerengero zimene zimatchulidwa ndi ziwiri, 3.2 miliyoni ndi 2.9 miliyoni, kutengera nthawi imene anawerenga ndi amene anawerenga. Tengani chilichonse mwa ziwirizi, ndiye kuti ana okwana miliyoni kapena kuposerapo anatulukira m'chaka chimodzi. Sanagwe kumwamba ai. Anali konkuno nthawi yonseyi, kubusa, kudimba, kumtondo, kumsika wa Lirangwe atasenza mbale za masau. Uganda inadzachita zofanana mu 1997, Zambia mu 2002, Kenya mu 2003. Ife tinatsogola, ndipo tinatsogola tisanakonzeke.

Achemwali anga anali m'gulu limenelo. Analowa Sitandade 1 ali ndi zaka 10, atabereka kumbuyo mlongo wathu wina amene panthawiyo anali woyamwa, poti mayi anali kumunda. Amati sanali wamkulu m'kalasimo. Munali atsikana amene anali atatha kale msinkhu ndi anyamata a zaka 13, 14, atakhala pansi limodzi ndi tiana tolephera kugwira khutu. Kalasi yakeyo inali mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Mvula ikayamba, sukulu yaweruka. Amakumbukira buku la Sosa limodzi likuzungulira gulu lonse mpaka masamba kuthothoka.

Aphunzitsi anawapeza kuti? Boma linalemba pafupifupi 20,000 mwachangu, ambiri a iwo anyamata ndi asungwana ongomaliza Fomu 2 kapena Fomu 4, n'kuwaphunzitsa kwa masabata awiri atatu, basi kalasi ndi iyo. Opuma pantchito nawo anaitanidwanso. Maphunziro enieni a uphunzitsi anawatsatira pambuyo kudzera mu MIITEP kuyambira mu 1997, munthu akuphunzitsa uku akuphunzira. Midadada ya makalasi inamangidwa ndi MASAF, makolo akuumba njerwa ndi kututa mchenga, ndipo timasukulu ta J.P., tolekezera makalasi apansi, tinamera m'midzi kuti ana aang'ono asamawoloke mitsinje. Sindikonda kumva anthu akunyoza aphunzitsi a 1994. Amene anandiphunzitsa a e i o u anali mmodzi mwa iwo, ndipo ndikulemba pano. Koma sindinganamenso: mphunzitsi wa masabata atatu atapatsidwa ana oposa 100 amathera mphamvu zake pa kuwakhazika chete.

Ine ndinalowa patapita zaka zoposa 8, njala ya 2002 itangodutsa kumene. Tinali oposa 100 m'chipinda chopanda desiki, ndipo pokumbukira tsopano ndimaona kuti tinali mitundu itatu ya ana. Tinalipo ife a zaka 6 kapena 7, amene boma limatiganizira polemba silabasi. Analipo ang'onoang'ono, a zaka 4 ndi 5, amene anangotsatira akulu awo chifukwa pamudzi panalibe sukulu ya mkombaphala ndipo pakhomo panalibe wowasamala. Amenewa ankagona 9 koloko isanakwane. Ndiye panali obwereza, ena kachiwiri, ena kachitatu, okhala kumbuyo, odziwa nyimbo zonse za m'kalasi koma osatha kulemba dzina lawo. Ang'onoang'ono aja chaka chotsatira ankasanduka obwereza. Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amangoti vuto ndi kuberekana. Kuberekana kulipo, kalembera akuonetsa: anthu pafupifupi 8 miliyoni mu 1987, 9.9 miliyoni mu 1998, 13.1 miliyoni mu 2008, 17.6 miliyoni mu 2018. Koma Sitandade 1 imatupa koposa chifukwa imasunga ana a zaka zobadwa zingapo nthawi imodzi. Ndi kalasi, ndi nazale, ndi podikirira.

Pasukulu pathu Sitandade 1 inali ndi A, B ndi C. Sitandade 8 inali imodzi, ndipo inkakwana m'chipinda momasuka. Chithunzi cha dziko lonse n'chomwecho: ana a pulayimale tsopano ndi oposa 5 miliyoni, a Sitandade 1 okha ndi oposa miliyoni, koma olemba mayeso a MANEB a Sitandade 8 amakhala cha m'ma 250,000 mpaka 300,000 pachaka. Kuyerekeza ziwerengero ziwirizi mwachindunji kumakokomeza pang'ono, chifukwa cha obwereza ndanena aja. Komabe ngakhale utawachotsa, ana otayika panjira ndi ambiri zedi. Ndipo chochititsa chidwi ndi ichi: pakhomo pa Sitandade 1 lero atsikana ndi anyamata amalowa molingana, chinthu chimene agogo anga sakanachikhulupirira. Nkhondo ya pakhomo inapambanidwa. Kutayika kumachitika m'katimu, mwakachetechete.

Anzanga a 2003 ndikhoza kuwalondola ambiri. Palibe amene anadzuka tsiku limodzi n'kunena kuti ndasiya sukulu. Zinkayamba ndi tsiku la msika, kukathandiza mayi kugulitsa. Kenako Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala, kukagwira ganyu yopalira. Mtsinje ukadzaza, sabata yatha. Ukabwerera wapeza anzako ali patsogolo, walephera mayeso, wabwereza, wakula kuposa kalasi, tiana tayamba kukutcha agogo. Anyamata ena analowa m'gulu la njinga za makala zimene zimadutsa pa Chileka m'bandakucha kulowera m'tauni. Awiri ali ku Johannesburg. Achemwali anga analekezera Sitandade 5 ali ndi zaka 16. Akuti anatopa kukhala pansi ndi ana oti akanatha kuwabereka kumbuyo.

Chimene ndinachiona chikubweza ana ndi maso angawa ndi phala. Bungwe la Mary's Meals linayambira ntchito yake m'dziko muno mu 2002, ndipo pang'onopang'ono phala la m'sukulu linafalikira m'masukulu ambiri a Blantyre. Pasukulu pathu linafika ndili Sitandade 4. Amayi a m'midzi ankasinthana kuphika, ife kapu ya pulasitiki tili nayo m'jumbo limodzi ndi makope. Kaundula anatupa teremu yomweyo. Ana amene anasowa chaka chathunthu anatulukira, ena n'kusamuka kuchokera kusukulu yoyandikana nayo kumene kunalibe phala. Alipo ankanyoza kuti ana akubwerera phala osati maphunziro. Mwina. Koma mwana amene wabwerera phala ali m'kalasi pamene mphunzitsi akulemba pabolodi, ndipo china chimalowa.

Chileka wa lero si wa 1994. Tauni yatsika kuchokera ku Chirimba, kudutsa pa Kameza, kufika ku Chatha ndi Ngumbe, ndipo minda imene tinkakumbamo mbewa ndi mapuloti a mipanda ya njerwa. Mungaganize kuti ana a m'mipandamo adzaza sukulu yathu. Ai ndithu. M'mawa amakwera galimoto kapena kabaza kupita ku sukulu zolipira zimene zangoti mbwee m'mbali mwa msewu. Pamzere uja ndinayang'ana bwinobwino: panali ana a ogulitsa tomato, a ogwira ganyu pa zomangamanga, a alonda ndi antchito a m'mipanda yomweyo, ndi ana osiyidwa kwa agogo. Aphunzitsi angapo amene ndikuwadziwa, ana awo sali pasukulu imene iwo amaphunzitsa. Sindikuwaweruza, nanenso nditakhala ndi ndalama sindikudziwa kuti ndingachite bwanji. Ndikungoona kuti kusankha kwa ndalama, kumene kale kunkagamula wolowa ndi wotsala, tsopano kukugamula kuti walowa sukulu iti. Kumtunda cha ku Lirangwe ndi Mdeka, kumene sukulu zolipira n'zochepa, mwana wa mfumu ndi mwana wa ganyu akadakhalirabe limodzi pansi.

Ulere wake nawonso unali ndi nyenyezi. Nditamaliza kulembetsa, anandiuza za ndalama ya chitukuko, ya mlonda, ndi ina ya mapepala a mayeso. Si zambiri, ndipo ndikudziwa kuti sukulu imazifunadi, poti ndalama zochokera kuboma zimafika mochedwa komanso n'zochepa. Koma ndinakumbukira nandolo wa agogo. Lamulo la maphunziro la 2013, limene linalowa m'malo mwa la 1962, limati pulayimale ndi yaulere komanso yokakamiza. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60. Aphunzitsi akuphunzitsidwa, ngakhale konkuno ku Chileka, pa koleji ya DAPP ya Chilangoma imene inatsegulidwa mu 2003. Koma m'masukulu ambiri aphunzitsi amaunjikana m'makalasi apamwamba, a mayeso, kumene kuli ana ochepa ndi ulemu wambiri, Sitandade 1 n'kusiyira mmodzi kapena awiri. Ine ndikanakhala nduna ndikanatembenuza zimenezo ndisanamange chipinda ngakhale chimodzi.

Mwana wa achemwali anamuika mu 1C. Amaweruka m'mawa dzuwa lisanafike paliwombo, n'kubwera ndi kapu yake yopanda kanthu ndi nyimbo yatsopano pafupifupi tsiku lililonse. Dzina lake amalemba, ngakhale chilembo chimodzi chimayang'ana kumbuyo. Mayi ake akuti uyu yekha afika Sitandade 8 zivute zitani, ndipo akamanena amayang'ana ine.

Mvula itafika pachimake mu Febuluwale ndinamufunsa za kamnyamata kogwira khutu kaja, poti anaikidwa kalasi imodzi. Anaganiza kaye, kenako n'kuti, "Amalume, uja sabweranso. Agogo ake akudwala, ndiye anapita naye ku Lirangwe kwa azakhali ake." Ndinafunsa ngati akuphunzira kumeneko. Anati kaya. Koma akuti dzina lake likadali m'buku, amadamu amaliitanabe m'mawa uliwonse, ndipo kalasi yonse imayankha pamodzi kuti kulibe.